Ulenje wa mwambo umaphunziridwa pakhomo

Mawu olankhulidwa kwa anthu a m'dera la Mauwa pa nkhani ya kusaka ndi kusamalira zachilengedwe



Chimanga chikalowa m'matumba ndipo nandolo akayamba kuuma m'minda, anyamata a m'midzi ya kuno amatenga makasu awo aafupi n'kulowera kuthengo. Ena amakoleka legeni m'khosi, ena amatsogoza agalu. Madzulo amabwera ndi mbewa zopanidwa pa mpani, mwina njiwa ziwiri, mwinanso kalulu ngati tsikulo linali lamwayi. Palibe chachilendo pamenepa. Agogo awo ankachita zomwezo, ndipo m'nyumba zambiri ndiwo za tsiku limenelo zimachokera m'manja mwa mwana. Chimene chasintha n'chakuti masiku ano anawo amapita okha, popanda wamkulu wowatsogolera, ndipo m'thumba mwawo mumakhala machesi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, utsi sukata m'mapiri ndi m'madambo, ndipo mafumu amene ali pano akuidziwa bwino milandu ya minda yopsa imene imafika pa mabwalo awo m'miyezi imeneyi.

Cholinga cha mawu ano si kuletsa mwana kukumba mbewa kapena kunyoza ndiwo zimene zalera mibadwo. Cholinga n'kukumbutsa makolo kuti ulenje unali ndi mwambo wake, ndipo mwambowo unkaphunzitsidwa pakhomo, kuchokera kwa bambo, kwa amalume ndi kwa agogo. Zoonadi pali mabanja ambiri kuno amene sadya mbewa chifukwa cha chipembedzo chawo, ndipo ayenera kulemekezedwa. Komabe nkhaniyi ikuwakhudza iwonso, pakuti moto woyatsidwa ndi mwana wa mnansi sufunsa kuti mwini munda amapemphera kuti.

Mmene makolo ankachitira

Kale kusaka kwakukulu kunkachitika mwa uzimba. Anthu sankangodzuka n'kulowa m'tchire. Uzimba unkalengezedwa, mfumu inkadziwa, ndipo unkachitika m'chilimwe, ntchito za kumunda zitatha. Panali wotsogolera, panalinso malamulo a kagawidwe ka nyama. Amene wayamba kulasa ndiye ankatengedwa kukhala mwini nyamayo, koma sankadya yekha: othandiza ankalandira gawo lawo, ndipo mfumu, monga mwini dziko, inkapatsidwa ulemu wake. Nkhalango ya kumanda sinkalowedwa ndi mlenje kapena wodula mitengo, moti mpaka lero m'midzi yambiri mitengo ikuluikulu yachilengedwe yatsala kumanda kokha. Mabanja ena anali ndi nyama imene sankadya konse malinga ndi mfunda wawo. Zonsezi zikaphatikizidwa, zinkachititsa kuti pakhale nyengo, malo ndi mitundu ya nyama zimene zinkapuma.

Mnyamata sankayamba ndi uta kapena mkondo. Ankayamba ndi kunyamula thumba la wamkulu ndi kuyang'ana. Kenako ankaphunzira kutchera diwa, kuzindikira mapazi pa fumbi, ndi kusiyanitsa una umene muli mbewa ndi umene mbewa zinasamukamo kale. Ankaphunzira kuti asanayambe kukumba ayenera kufufuza mbuli, potulukira mbewa ikapanikizika, ndi kutsekapo. Ankadziwa mayina: kapuku amene amachuluka m'minda, dugu amene amasunga chakudya m'masaya, phanya wa miyendo yaitali, mende wa m'madambo, kapeta wonona amene amagona pansi m'nyengo yachilimwe. Ankadziwanso kuti khoswe wa m'nyumba ndi swiswiri si ndiwo. Katswiri wina wa chikhalidwe cha anthu, Brian Morris, amene anakhala zaka zambiri m'dziko muno, analemba za nzeru zimenezi m'buku lake lotchedwa The Power of Animals la 1998. N'zochititsa chidwi kuti zimene anthu a kunja amaziwerenga m'mabuku a ku yunivesite, mwana wa ku Mauwa angaziphunzire kwaulere kwa agogo ake pakhonde, ngati agogowo atapatsidwa mpata wolankhula.

Dziko linachepa

Mwambo umenewu unapangidwa pa nthawi imene tchire linali lalikulu ndipo anthu anali ochepa. Lero zinthu zatembenuka. Kalembera wa 2018 anapeza kuti boma la Chiradzulu lili ndi anthu oposa 350,000, pamene malo ake ndi amodzi mwa ochepetsetsa m'dziko muno. Pamene panali thengo pali minda, ndipo pamene panali minda pali nyumba. Nyama zikuluzikulu zinatha kalekale. Zatsala ndi mbewa, ntchenzi, akalulu, agologolo, nkhwali, njiwa, ndi gwape wa apo ndi apo m'mphepete mwa mapiri. Malo aakulu amene nyama zingabisalemo ndi nkhalango yotetezedwa ya m'phiri la Chiradzulu, ndipo nayonso yaphwasuka kwambiri.

Zimene zimachitika anthu akasaka mopanda malire zinaoneka ku Majete, m'boma la Chikwawa. Pofika m'zaka za m'ma 1990, njovu zonse za m'nkhalango imeneyo zinali zitaphedwa, zipembere ndi mikango zinali zitatha, ndipo nkhalangoyo inatsala dzina lokha. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liyendetse malowo. Zipembere zinabwezeretsedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Zinatenga ndalama zambiri ndi zaka zambiri kubweza zimene zinatha m'nthawi yochepa. Ku Liwonde, kuchokera pamene bungwe lomwelo linayamba ntchito mu 2015, asilikali a nkhalango achotsa misampha ya waya yoposa 30,000. Majete ndi Liwonde anapeza owathandiza chifukwa ndi malo otchuka. Dambo la kuseri kwa mudzi wa ku Mauwa lilibe bungwe lodzabwezeretsamo nkhwali. Zikatha, zatha, pokhapokha eni mudziwo atazisunga okha.

Phunziro loyamba ndi moto

Palibe chimene chawononga dzina la osaka mbewa kuposa moto. Mwana amayatsa tchire kuti mauna aoneke msanga pa lupsa. Mphepo ya Seputembala ikauzira, motowo umamuthawa, ndipo iye amathawanso. Zimene zimapsa ndi zambiri kuposa mbewa zimene akanapeza. Umapsa udzu wofolera nyumba umene amayi akanamweta ndi kugulitsa. Imapsa nsenjere ndi udzu wa ng'ombe za mkaka, zimene m'boma la Chiradzulu ndi chuma chenicheni cha mabanja ambiri. Amapsa nandolo amene sanathyoledwe. Imapsa mitengo ing'onoing'ono imene anthu anabzala ndi thukuta m'nyengo yobzala mitengo, imene imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo chaka chilichonse. Mudzi umabzala mu Januwale n'kuotcha mu Seputembala, ndipo chaka chotsatira umadabwa kuti nkhalango sikukula.

Alimi amene anamvera alangizi n'kuyamba ulimi wa mleranthaka ndiwo amalira kwambiri. Amayala mapesi m'munda kuti asunge chinyezi ndi kuwonjezera chonde, koma mbewa zimakonda kubisala m'mapesimo, ndipo osaka amabwera ndi machesi. Ntchito ya miyezi iwiri imasanduka phulusa pa ola limodzi. Mlimi wotere akabwerera ku ulimi wakale, wina asanene kuti ndi wosamva malangizo.

Pali china choopsa kuposa zimenezi. Moto wa chaka ndi chaka umavula phiri. Udzu ndi timitengo zimene zimagwira nthaka zikapsa, mvula yoyamba imagwera pa dothi lopanda chofunda ndipo imalikokolola. Anthu a m'boma lino sadzaiwala mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mbali ya phiri, matope ndi miyala n'kukwirira mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe. Mvula imeneyo inali yoopsa moti ngakhale nkhalango yowirira sikanaletsa zonse, ndipo palibe amene angaloze chala mwana wosaka mbewa pa tsoka limenelo. Koma ndi zoona kuti phiri lovala limamwa madzi pang'onopang'ono, pamene phiri lovulidwa limawataya onse nthawi imodzi kwa anthu okhala m'munsi.

Choncho kholo limene likufuna kuphunzitsa mwana ulenje liyambe ndi kumusecha m'thumba. Mlenje wodziwa ntchito yake safuna moto. Amawerenga tinjira ta mbewa mu udzu, amaona dothi latsopano pakhomo pa una, amatchera maliwa madzulo n'kukaonera m'mamawa. Amene amayatsa tchire akuonetsa kuti sanaphunzitsidwe. Lamulo la dziko nalonso silimulekerera: lamulo loteteza nyama zakuthengo limaletsa kuyatsa moto pofuna kusaka, ndipo lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limalanga woyatsa moto kapena wosaka popanda chilolezo m'nkhalango yotetezedwa.

Munda uli ndi mwini wake

Phunziro lachiwiri ndi ulemu. Kale mwana sankakumba m'munda wa munthu asanapemphe. Nthawi zambiri mwini munda ankavomera ndi mtima wonse, popeza kapuku amafukula mbewu zobzalidwa ndi kudya chimanga, ndiye womuchepetsa ndi bwenzi la mlimi. Koma chilolezocho chinali ndi pangano lake: wokumba akatha, akwirire. Lero m'minda yambiri muli maenje osiyidwa pululu, mizere yogumulidwa, ndi milambala yoboola imene alimi anaikonza kuti itchinge madzi. Nkhalamba ikaponda m'dzenje lotere imathyoka mwendo. Mbuzi nayo imathyoka. Mvula ikabwera, madzi amapeza poyambira ngalande.

Bambo kapena amalume akamapita ndi mwana kuthengo, ayambe adzera kwa mwini munda, mwanayo akumva. Aone wamkulu akupereka moni, akupempha, ndipo pobwerera akusiyako mbewa ziwiri kapena zitatu ngati mwini mundayo amadya. Mwana amene waona zimenezi kawiri kapena katatu safunikanso kuuzidwa.

Poizoni si msampha

Phunziro lachitatu ndi lokhudza moyo wa anthu. Pali chizolowezi choipa chimene chafala, chothira mankhwala monga tameki mu gaga kapena m'chimanga n'kumwaza m'munda, kenako m'mawa n'kutola mbewa zakufa. Mbewa zoterezi zikawiritsidwa ndi kuumitsidwa, wogula pa msewu kapena pa msika sangazisiyanitse ndi zokumba. Tameki ndi poizoni wamphamvu kwambiri, woti pang'ono pokha amapha munthu. Kuchotsa matumbo a mbewa sikupereka chitsimikizo chilichonse. Ndiponso nyambo yothira mankhwala sisankha wodya: nkhuku, nkhanga, agalu, amphaka ndi mbalame zodya mbewa zimafera pomwepo, ndipo mwana wokwawa akhoza kuitola.

Kholo lisalole mankhwala otere kukhala m'manja mwa mwana pa chifukwa china chilichonse. Liphunzitsenso ana kuti nyama yopezeka itafa yokha sidyedwa. Kumapeto kwa 2018 mvuu zambiri zinafa ndi matenda a anthrax ku Liwonde, ndipo matenda amenewa amagwira munthu amene wasenda kapena kudya nyama yodwalayo. Nkhuli ya tsiku limodzi isagonetse banja lonse m'chipatala. Chimodzimodzinso masikito amene azaumoyo amagawa ndi oteteza ana ku malungo, osati okolera mbalame.

Kusiya mbewu

Phunziro lachinayi ndi lovuta kwa mwana, chifukwa limafuna kuti abweze dzanja pamene chinthu chili pafupi. Zimachitika kuti mnyamata akuyenda ndi amalume ake m'mphepete mwa dambo, nkhwali n'kuuluka pafupi ndi mapazi awo. Akasuzumira mu udzu amapeza mazira asanu, ofunda.

"Amalume, nditole?"

"Ayi, iwe. Ukatola lero udya kamodzi. Asiye, ubwere kuno dzuwa likadzatentha, udzamva okha akulira m'mawa."

Mawu ochepa ngati amenewa ndiwo maziko a ulenje wonse wanzeru. Mlimi sakazinga mbewu yake, ndipo mlenje sapha nyama ya bere, nyama yoyamwitsa, kapena mbalame yofungatira. Mwana aphunzire kusiyanitsa nyama malinga ndi kaswanidwe kake. Kapuku amaswa ana khumi kapena kuposerapo nthawi imodzi, ndipo amaswa kangapo pa chaka, choncho kumukumba m'chilimwe sikungamuthe. Gwape amabala mwana mmodzi. Wopha gwape wamkazi wapha awiri, ndipo m'dera limene agwape atsala owerengeka, ameneyo akhoza kukhala womaliza. Lamulo la boma likugwirizana ndi nzeru ya makolo pamenepa, pakuti limaletsa kusaka ana a nyama zotetezedwa amene akudalirabe make, ngakhalenso make amene ali ndi ana.

Msampha wa waya ndi mdani wa phunziro limeneli, chifukwa sudziwa bere kapena mwana. Umagwira chilichonse chodutsa, ngakhale mbuzi ya mnansi kapena galu, ndipo nyama imafa pang'onopang'ono ndi ululu, nthawi zina n'kuwolera pomwepo mwini msampha ataiwala pamene anatchera. Wotchera diwa aphunzitsidwe kuwerenga maliwa ake, kuwaonera m'mawa uliwonse, ndi kuwagwetsa onse nyengo ikatha.

Anthu a ku nyanja ya Chilwa, amene ndi anansi a boma lino, anaonetsa kuti zimenezi n'zotheka. Nyanja imeneyo ikaphwa, monga zinachitikira mu 1995, nsomba zimasowa ndipo anthu ambiri amatembenukira ku mbalame za m'madzi. Ataona kuti mbalamezo zikhoza kutha, osaka eni ake, mothandizidwa ndi bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, anakhazikitsa makomiti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Anapatula malo amene mbalame zimaswera kuti pasatcheredwe, ndipo anagwirizana za nyengo yopumitsa kusaka. Amene anachita zimenezi ndi alenje, anthu ofuna kuti ana awo adzapezenso chotchera.

Nyama zosakhudza

Phunziro lachisanu ndi kudziwa nyama zimene mlenje sayenera kuzigwira konse. Lamulo loteteza nyama zakuthengo la 1992 linasinthidwa mu 2017, ndipo zilango zake zinakwera kwambiri. Wopezeka ndi nyama zotetezedwa mwapadera, monga njovu, chipembere ndi ngaka, kapena ziwalo zake, akhoza kulamulidwa kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Makhoti a m'dziko muno atumiza kale anthu ambiri kundende chifukwa cha ngaka, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu wamba a m'midzi amene ananamizidwa kuti kanyamako kali ndi msika wa ndalama zambiri. Ngaka imabala mwana mmodzi, imadya nyerere ndi chiswe, ndipo ikaopsezedwa imangodzipinda, moti ngakhale mwana akhoza kuinyamula. Apa ndiye pali ngozi. Mwana aliyense adziwe kuti akaona ngaka aisiye pomwepo, akauze makolo, ndipo makolowo adziwitse mfumu, apolisi kapena a nthambi yoona za nyama zakuthengo. Asaitengere kunyumba, ndipo asamvere mlendo wofunsa za ngaka. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Pali zolengedwa zinanso zimene ana amazipha popanda chifukwa. Kadzidzi amagendedwa chifukwa cha mantha, chonsecho usiku uliwonse amagwira mbewa ndi makoswe amene akanadya chimanga. Akakowa amatola nkhupakupa ndi tizilombo pafupi ndi ng'ombe. Timbalame ting'onoting'ono timene timafa ndi legeni ndi ulimbo timadya mbozi za m'minda. Legeni si choseweretsa choyesera dzanja pa chilichonse chouluka. Lamulo la pakhomo likhale lakuti chimene sichidyedwa sichiphedwa, ndipo chimene chaphedwa chidyedwe.

Ngakhale nyama imene anthu amaiona ngati ndiwo chabe ili ndi ntchito zodabwitsa. Ku Morogoro m'dziko la Tanzania, bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini kununkhiza mabomba okwiriridwa pansi. Abwampini amenewa anathandiza kuchotsa mabomba a nthawi ya nkhondo ku Mozambique, dziko limene mu 2015 linalengeza kuti lamaliza ntchitoyo, ndipo ena amanunkhiza makhololo pofufuza chifuwa chachikulu. Mwana amene wamva nkhani yotere amayamba kuona nyama ndi maso ena.

Moyo wa mwanayo

Phunziro lachisanu ndi chimodzi ndi kudziteteza. Una wa mbewa ndi nyumba yokondedwa ndi njoka. Mwana wosaphunzitsidwa amapisa dzanja kuti afike pa funkha msanga, pamene wophunzitsidwa amayamba walowetsa kamtengo. Mphiri imagona duu pa njira osathawa, ndiye kuyenda m'tchire osavala kanthu kumapazi n'kudziika pa ngozi. Ngati njoka yaluma, bala lisatemedwe, lisayamwidwe, ndipo mwendo usamangidwe mothinitsa. Wolumidwayo asathamange. Anyamulidwe msanga kupita ku chipatala cha Mauwa, kumene azaumoyo adzaona ngati n'koyenera kumutumiza ku chipatala chachikulu cha boma. Pa chifukwa chomwechi mwana asapite kuthengo yekha, ndipo pakhomo adziwe kumene walowera.

Agalu osakira nawo afunika chisamaliro. Galu wolowa m'tchire amakumana ndi nyama zimene zingakhale ndi chiwewe, ndipo chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro mwa munthu sichichizika. A zaziweto, mothandizana ndi bungwe la Mission Rabies, akhala akupereka katemera wa agalu waulere m'maboma a Blantyre, Zomba ndi Chiradzulu. Banja lililonse lokhala ndi galu lionetsetse kuti walandira katemera chaka chilichonse. Wolumidwa ndi galu atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Sukulu patsogolo

Nyengo ya mbewa imakumana ndi kutsegulira kwa chaka cha sukulu mu Seputembala, ndipo aphunzitsi amadziwa mmene mipando ya anyamata imakhalira yopanda anthu m'masabata amenewo. Ndalama ya mpani umodzi imaoneka yaikulu m'manja mwa mwana wa zaka 11, ndipo m'nyumba imene mulibe ndiwo n'kovuta kuti mayi amukalipire. Umphawi umenewu ndi weniweni ndipo palibe akuunyoza. Komabe maphunziro a pulayimale akhala aulere kuyambira 1994, ndipo mwana amene wajomba mwezi wathunthu amabwerera m'kalasi anzake atamusiya kutali. Ambiri otere sabwereranso. Kusaka kuli ndi nthawi yake, Loweruka ndi pa tchuthi. Kholo limene limalandira mbewa zokumbidwa Lachiwiri m'mawa osafunsa kanthu lavomereza kujombako.

Atsikana asaiwalidwe pa maphunziro amenewa. Ngakhale kuti kukumba mbewa kumatengedwa ngati kwa anyamata, atsikana ndi amayi ndiwo amatola nkhuni, amamweta udzu, amagwira ngumbi ndi ziwala, amazula bowa, ndipo ndiwo amalandira ndi kuphika zimene zabwera. Mayi amene amafunsa kuti, "Mbewazi wazipha bwanji, mwanawe?" asanaziike pa moto, ndi mlonda woposa wina aliyense.

Zoyenera kuchita m'midzi

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi likhoza kuphunzitsa ana ake bwino, koma ngati ana a mabanja ena akuyatsabe tchire, phindu silioneka. Choncho mafumu akupemphedwa kuti nyengo ya moto isanafike aitanitse anthu awo ndi kugwirizana malamulo a m'mudzi: malo amene sayenera kusakidwa, miyezi yopumitsa mbalame, ndi chindapusa cha woyatsa moto kapena wosiya maenje. Malamulo opangidwa pa bwalo, aliyense akumva, amasungidwa kuposa obwera ndi kalata. Makomiti oyang'anira zachilengedwe m'midzi atsogolere ntchito yolambula m'mbali mwa nkhalango za m'midzi udzu usanaume kwambiri, ndipo nkhani zofuna thandizo la alangizi zidutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi kupita ku ya dera, monga mwa dongosolo la khonsolo. Aphunzitsi amene ali ndi makalabu a zachilengedwe angachite bwino kuitana nkhalamba zodziwa thengo kuti zidzalankhule ndi ana, pakuti nzeru zimenezi zikupita kumanda limodzi ndi eni ake.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wamkulu amene wakumana ndi ana atanyamula makasu ndi machesi asangodutsa poganiza kuti si ake. Awaimitse, awalangize mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka awaonetse una wabwino ndi mmene angaukumbire popanda moto. Chilango chili ndi malo ake, koma mwana amene wangokwapulidwa amaphunzira kubisala, pamene amene waonetsedwa njira amaphunzira ntchito.

Pempho lalikulu likupita kwa abambo, amalume ndi agogo. Chaka chino, mwana akatenga khasu lake Loweruka m'mawa, mmodzi mwa akuluakulu a pakhomopo anyamuke naye. Amuonetse kupempha kwa mwini munda, kutseka mbuli, kuyesa una ndi kamtengo, kukwirira dzenje, ndi kudutsa chisa cha nkhwali osachigwira. Pobwerera amuphunzitse kugawa: za pakhomo, za agogo amene sangathenso kukumba, ndi za mnzake amene tsikulo sanapeze kanthu. M'mera mpoyamba. Mwana amene wayenda ulendo wotere kangapo adzakhala mlenje amene mudzi sudzamuopa, ndipo nayenso tsiku lina adzatenga mwana wa mlongo wake n'kumuonetsa dambo lomwelo, nkhwali zikuliramobe.